Manambala a pa bilu ya kuchipatala amachokera kuti?



Lero ndikufuna tikambe za munthu mmodzi wogwira ntchito m'chipatala amene odwala ambiri sakumana naye. Sabaya jakisoni, sayeza BP, ndipo kuwodi safikako kawirikawiri. Amakhala ku ofesi ya mafailo kapena ku akaunti, patebulo pake pali mulu wa mafailo a anthu amene atulutsidwa tsiku limenelo. Amatsegula failo, n'kuwerenga zimene dokotala walemba kuyambira tsiku limene wodwala adagonekedwa, kenako matendawo ndi chithandizo chonse n'kuzipatsa zilembo ndi manambala. Manambala amenewo ndiwo amapita pa bilu ndi pa fomu ya ku medical aid. Ndalama zimene mudzatulutse pa windo la kashiya zimadalira ngati munthu ameneyu wawerenga bwino, komanso ngati dokotala adamulembera zomveka.

Mwina wina anena kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu a ku Area 10 ndi Area 43, ife chipatala chathu ndi cha boma, sitilipira. Zoona, ku Bwaila ndi m'mawodi ambiri a ku Kamuzu Central chithandizo ndi chaulere. Zoonanso kuti a inshulansi ya zaumoyo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno: kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti pa anthu 100 alionse, 98 kapena 99 adalibe inshulansi ya mtundu umenewu. Koma tayendani mumzinda uno muone amene amagonekedwa m'zipatala zolipira. Ku Kamuzu Central komweko kuli mbali yolipira. Kuli Daeyang Luke cha ku Kanengo, Partners in Hope ku Area 36, ABC ku Area 47, ndi chipatala cha mishoni cha Likuni. M'mabedi amenewo simugona mabwana okhaokha. Mumagona dalaivala wa ofesi ya ku City Centre amene kampani yake idamulembetsa ku MASM. Mumagona mayi wogulitsa kaunjika mu Old Town amene abale ake asonkherana kuti asachedwe pamzere. Ndipo ngakhale chithandizo chimene timachitcha chaulere chimakhala ndi wochilipira. Kuyambira mu 2006 boma limachita mapangano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa osalipira, chipatalacho n'kumatumiza bilu ku boma. Bilu imeneyonso imalembedwa kuchokera m'mafailo ndi m'kaundula.

Manambala a matendawa adayambira pa kuwerengera maliro, osati pa ndalama. Mu 1893 katswiri wa ziwerengero wa ku Paris, Jacques Bertillon, adakonza mndandanda wa zifukwa zimene anthu amafera, kuti mizinda ndi mayiko azitha kuyerekezera ziwerengero zawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidautenga mndandandawo mu 1948, ndipo pamenepo udakula, n'kuyamba kuwerengeranso matenda a anthu amoyo. Dzina lake lero ndi ICD. Buku lakhumi, ICD-10, lidavomerezedwa mu 1990 ndipo mayiko adayamba kuligwiritsa ntchito mu 1994. Lili ndi mitu 22 ndi manambala oposa 14,000. Lotsatira lake, ICD-11, lidavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, koma mayiko ambiri akusamukirako pang'onopang'ono.

Tiyeni titenge matenda amene tonse tikuwadziwa, malungo. Kwa inu ndi ine malungo ndi malungo basi. M'buku la ICD-10 ali ndi zipinda zingapo. Dokotala akangolemba kuti malungo, osanena kuti magazi adayezedwa ndipo adapezamo kachilombo kanji, nambala yake ndi B54. Akalemba kuti ndi malungo a falciparum, amene ndiwo ofala kuno kwathu, koma popanda chovuta china, nambala yake ndi B50.9. Akalemba kuti malungowo adafika ku ubongo, ndi B50.0. Tsono tiyerekeze mwana wa zaka zinayi amene wafika usiku akukomoka, thupi lili moto. Amugoneka, amubaya artesunate, amuika dripi, magazi apezeka kuti achepa, amuwonjezera magazi, namwino akumuyang'ana usiku wonse. Patapita masiku angapo mwana wadzuka, wayamba kudya phala, amupatsa LA kuti akamalizire kunyumba. Dokotala, amene odwala ena ambiri akumudikirira, walemba pa kalata yotulutsira mawu amodzi okha: malungo. Kalaliki wa mafailo uja alemba chiyani? Lamulo la ntchito yake limamuletsa kupeka. Ngakhale aone m'failo kuti mwana adapatsidwa magazi, saloledwa kudzipezera yekha matenda amene dokotala sadawatchule. Ndiye alemba B54. Fomu ikafika ku medical aid, woyang'ana aona malungo wamba, amene anthu amachira ndi mapiritsi kunyumba, koma pansi pake pali bilu ya masiku angapo a bedi, magazi, madripi ndi majakisoni. Zinthu ziwirizi sizikugwirizana. Adzafunsa, kapena adzabweza fomu, kapena adzalipira mbali chabe. Chotsalacho, chimene aliyense wokhala ndi khadi la medical aid amachidziwa ndi dzina loti shortfall, chidzagwera bambo wa mwanayo. Palibe amene waba apa. Mwana adadwaladi, chipatala chidagwiradi ntchito. Chimene chasowa ndi mizere iwiri ya cholembera cha dokotala.

Choyenera kuchita kalaliki wodziwa ntchito ndi kunyamula failo, kupita kwa dokotala, n'kufunsa kuti, adokotala, mwana uyu adakomoka ndipo adalandira magazi, kodi awa adali malungo a mtundu wanji? Dokotala awonjezere yekha ndi dzanja lake, asayine. Koma kuti kalaliki achite zimenezi afunika zinthu ziwiri: kudziwa kuwerenga failo la chipatala, ndi kupatsidwa ulemu woti akagogoda pakhomo la dokotala asakaoneke ngati wobwera kudzataya nthawi ya anthu.

Pali funso lina limene limavuta koposa. Anthu ambiri ogonekedwa, makamaka achikulire, sabwera ndi nthenda imodzi. Agogo afika ndi chibayo, koma ali ndi shuga, alinso ndi BP. Chibayo chosadziwika kachilombo kake ndi J18.9, shuga wa akuluakulu ali pa E11, BP ili pa I10. Nanga loyamba kulembedwa ndi liti? Malamulo a WHO amati loyamba likhale vuto limene, pofika tsiku lotuluka, ladziwika kuti ndilo lidachititsa kuti munthu afune chithandizo. Akakhala awiri olingana, atenge limene lidadya chithandizo chochuluka. Enawo amalembedwa pambuyo, ngati adakhudza chisamaliro cha wodwalayo. Mvetsetsani apa: ndi pa tsiku lotuluka, osati lolowa. Munthu amatha kulowa chifukwa cha kutentha thupi chabe, kumene kuli ndi nambala yakeyake, R50.9, koma akamatuluka zadziwika kuti chidali chibayo. Wongokopera zimene zidalembedwa pa khomo lolowera wasiya nkhani yonse m'failo.

Izi ndi za matenda. Chithandizo chimene wodwala walandira, monga opaleshoni, sichili m'buku la ICD-10 la WHO, ndipo mayiko amakhala ndi mindandanda yawoyawo. Ku Britain ali ndi OPCS-4. Ku America ali ndi CPT ndi ICD-10-PCS, ndipo mu ICD-10-PCS opaleshoni iliyonse ili ndi zilembo ndi manambala asanu ndi awiri. Kuno kwathu chimene wodwala amakumana nacho kwambiri ndi mndandanda wa mitengo umene chipatala chidagwirizana ndi bungwe la medical aid, umene amautcha tarifi: bedi pa tsiku, chipinda cha opaleshoni, dokotala wochita opaleshoni, wogonetsa tulo, kuyeza magazi, kujambula, mankhwala, mpaka magolovesi. Nambala ya matenda imanena chifukwa chake, mzere wa pa tarifi umanena chimene chidachitika, ndipo ziwirizo ziyenera kuyankhulana.

Kumene izi zimaonekera bwino ndi ku matenite. Ku Bwaila kokha kumabadwa ana oposa 15,000 pa chaka, ndipo m'zipatala zolipira za mumzinda uno amayi odzachira ndi ena mwa ogonekedwa ochuluka. Mayi akachira bwinobwino mwana mmodzi, nambala yake ndi O80. Akachira kudzera pa opaleshoni ndi O82. Koma failo lolembedwa bwino silithera pamenepo, limanena chimene chidachititsa opaleshoniyo ndi zovuta zina zimene zidachitika. Kodi mwana adagona mopingasa n'kukanika kutuluka? Zimenezo zili pa O64. Kodi BP ya mayi idakwera mpaka kukomoka? Ndi O15. Kodi adataya magazi ambiri atachira? Ndi O72. Ngakhale kuti mwana wabadwa mmodzi wamoyo kuli ndi nambala yake, Z37.0. Mtengo wa opaleshoni ndi wa kuchira bwinobwino zimasiyana kutali, ndiye wolipira ali ndi chifukwa chofunsira. Koma ine chimene chimandikhudza koposa ndi mayi mwiniwakeyo. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu adzakhalanso woyembekezera, mwina ali ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, ndipo mzamba wa kumeneko adzafuna kudziwa chifukwa chimene adamuchitira opaleshoni yoyamba. Ngati m'kabuku kake ka kuchipatala mudangolembedwa kuti opaleshoni, mzambayo ayambira mumdima.

Pali manambala ena amene sanena za nthenda koma za chimene chidavulaza munthu. Mnyamata wa kabaza akagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka fupa la ntchafu, kuthyokako ndi S72, koma pamafunikanso nambala ya pakati pa V20 ndi V29, yonena kuti adali pa njinga yamoto ndipo adawombana ndi chiyani. Kwa a akaunti nambala yachiwiriyi imathandiza kudziwa ngati pali inshulansi ya galimoto kapena bwana wa pantchito woyenera kulipira. Kwa ife tonse imachita zoposa pamenepo. Aliyense woyenda mu Malangalanga kapena pa depoti akuona m'mene njinga zamoto zachulukira, ndipo madokotala a mafupa ku chipatala cha LION, pa Kamuzu Central, akulandira ovulala ake. Koma kuti a khonsolo ya mzinda ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo adziwe kukula kwa vutoli m'ndalama ndi m'masiku a bedi, pafunika wina amene adalemba nambala yachiwiri ija pa failo lililonse.

Tsopano ndinene mbali yowawa. Pamene nambala yasanduka ndalama, chiyeso chimalowa. Ku America, akatswiri a pa yunivesite ya Yale, Robert Fetter ndi John Thompson, adakonza njira yoika odwala m'magulu malinga ndi matenda ndi chithandizo chawo, yotchedwa DRG. Mu 1983 boma la dzikolo lidayamba kulipira zipatala motsata magulu amenewa pa pologalamu yake ya Medicare: gulu lililonse mtengo wake, kaya wodwala wagona masiku awiri kaya khumi. Cholinga chidali chabwino, kuti zipatala zisamasunge anthu pabedi pofuna ndalama. Koma posakhalitsa zidaoneka kuti zipatala zina zidayamba kukankhira odwala m'magulu okwera mtengo, chibayo wamba n'kulembedwa ngati chibayo choopsa. Mpaka lero dzikolo limalemba ntchito anthu ambirimbiri ofufuza mafailo, ndipo zipatala zogwidwa zimalipitsidwa chindapusa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, kuyambira mu July 2005 adayamba kulamula kuti bilu yopita ku medical aid izikhala ndi nambala ya ICD-10. Ku Ghana inshulansi ya boma idayamba kulipira zipatala motsata magulu a DRG awoawo mu 2008. Konseko phunziro lake lakhala lofanana: ndondomeko imayenda pokhapo pali anthu ophunzitsidwa kulemba manambala, ndi ena oima paokha owayendera.

Nambala imeneyi ili ngati sikelo ya pamsika wa soya. Wogula akaikhotetsa, mlimi alira. Mlimi akathira mchenga m'thumba, wogula alira. Chipatala chikakweza nambala, ndalama za mamembala onse a medical aid zimatha msanga, chaka chamawa zopereka pamwezi n'kukwera, ndipo malire a chaka a wodwalayo amatha asanadwale nthenda yeniyeni yaikulu. Medical aid ikamakana mabilu oona pa zifukwa zazing'ono, chipatala chimayamba kuuza odwala kuti lipirani kaye kashi, mukatenge nokha ndalama zanu. Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mankhwala ndi zipangizo zochokera kunja idakwera, ndipo kukokana kwa mbali ziwirizi kumathera pa munthu amene waima pa windo ndi khadi m'manja.

Ndisaiwale za chinsinsi. Nambala imaoneka ngati chinthu chosayankhula, koma aliyense wokhala ndi foni ya intaneti atha kuifufuza m'kanthawi kochepa. Manambala a B20 mpaka B24 ndi a matenda obwera ndi HIV. Oyamba ndi F ndi a matenda a maganizo. Ena a pa O amanena za mimba imene idapita padera. Bilu ikadutsa pa desiki ya bwana wa pantchito, kapena ikasiyidwa poyera pa kauntala pamene mzere wonse ukuona, chinsinsi cha munthu chatuluka ngakhale palibe amene watsegula pakamwa. Lamulo lathu la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 limakhudzanso nkhani zaumoyo. Inu a maofesi a ku City Centre amene mumalipirira antchito anu chipatala, chimene mukufunika kudziwa ndi ndalama, osati nthenda. Konzani njira yoti mapepala okhala ndi manambala a matenda aziyenda pakati pa chipatala ndi medical aid basi.

Dziko lathu silikuyambira pansi pa nkhaniyi. Ku Kamuzu Central komweku ndi kumene mu 2001 kudayambira makompyuta ongokhudza ndi chala olembera odwala, ntchito imene idakula pansi pa Baobab Health Trust, ndipo ambiri a ife tili ndi kapepala komata ka mizeremizere pa kabuku ka kuchipatala kochokera ku ntchito imeneyo. Ziwerengero za zipatala za boma zimasonkhanitsidwa mu DHIS2, n'kumafika ku Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, udatikumbutsa kuti kuwerengera odwala molondola kumathandiza kudziwa kotumiza madripi. Ndipo ndondomeko ya unduna ya 2023 mpaka 2030 ikukamba zopeza njira zina zopezera ndalama zaumoyo, kuphatikizapo mbali zolipira m'zipatala za boma. Njira iliyonse yotero idzafuna bilu, ndipo bilu iliyonse idzafuna munthu woilemba.

Apa ndi pamene ndikuona kuti tikuchedwa. M'zipatala zambiri zazing'ono ntchitoyi imagwera kalaliki kapena kashiya amene adaiphunzirira pantchito pomwepo, poonera mnzake. Ambiri ndi anthu akhama ndi okhulupirika, koma tikuwasenzetsa katundu wa katswiri. Wolemba manambala afunika kudziwa ziwalo za thupi, mawu a madokotala, zidule zawo, ndi malamulo a bukulo. Ndikupempha a Malawi College of Health Sciences kuno ku Lilongwe ndi a Kamuzu University of Health Sciences kuti aikepo mtima pa maphunziro amenewa, akhale ndi satifiketi yake ndi malipiro ake. Ophunzira udokotala nawo aziyesedwa pa kalembedwe ka kalata yotulutsira wodwala monga m'mene amayesedwera pa kusoka bala. Unduna, zipatala zolipira, CHAM ndi mabungwe a medical aid akhale pansi agwirizane mndandanda umodzi wa matenda ndi umodzi wa chithandizo, kuti opaleshoni yomweyo isamakhale ndi dzina lina ku Area 36 ndi lina ku Area 47. Ndipo popeza dziko lapansi likusamukira ku ICD-11, kuphunzitsako kuyang'ane kumeneko.

Nanga inu amene mwakhala pa benchi ya chipatala lero, gadiyani wa wodwala wanu, mungachitepo chiyani? Tsiku lotuluka munthu amakhala wotopa, wagona pansi masiku angapo, akungofuna kunyamula beseni ndi zofunda azipita. Komabe pirirani mphindi zochepa. Pemphani kalata yotulutsira wodwala, ndipo funsani namwino kapena dokotala akuuzeni m'Chichewa dzina la nthenda imene yalembedwapo. Ngati wodwala wanu adakomoka, adalandira magazi kapena adapita kawiri ku opaleshoni, onani ngati zalembedwa. Pemphani bilu yofotokoza chinthu chimodzichimodzi, osati chiwerengero chimodzi chapansi. Werengani masiku a bedi, muone ngati akugwirizana ndi masiku amene mudagonadi. Musasayine fomu ya medical aid yosalembedwa kanthu, ngakhale akuuzeni kuti adzalemba pambuyo. Mukaona nambala imene simukuimvetsa, funsani kuti ikuimira chiyani, ndipo wina akakupemphani kuti alembe nthenda ina kuti medical aid ilipire, kanani, pakuti nthenda yabodzayo idzakhala m'mbiri ya wodwala wanu ndipo dokotala wa mtsogolo adzaikhulupirira. Medical aid ikakana kulipira, apempheni akulembereni chifukwa chake, mubwerere nacho ku chipatala. Nthawi zambiri failo likakonzedwa ndi dokotala amene adaona wodwalayo, fomu imatha kutumizidwanso. Mapepala onsewo asungeni pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala.